Mbewu si zabodza, mwazimiza ndi madzi

Nthawi ya mliri wa Covid-19, kwa sabata zitatu foni yanga inadzaza ndi zithunzi za mbande zakufa. Otumiza ndi osiyanasiyana, ambiri sindikuwadziwa n'komwe, koma dandaulo lawo ndi limodzi: "Alangizi, atigulitsa mbewu zabodza." Ndikachikulitsa chithunzicho ndimapeza zomwezomwezo. Dothi lakuda bii, likunyezimira ngati matope a m'mbali mwa chitsime, pamwamba payanga ndere, ndipo timbande tagona chammbali, tsinde litaning'a penipeni pamene limakumana ndi dothi, ngati wina walitsina ndi zikhadabo. Mbewu yabodza simera. Zanuzo zinamera bwinobwino, kenako munazimiza.

Kuyambira pa 11 Malichi 2020, pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, maboma ambiri anaika anthu pa m'bindikiro, ndipo anthu amene khasu ankangoliona m'manja mwa ena anayamba timinda kuseri kwa nyumba, pakhonde, m'matumba, m'zitini, ngakhale m'mabeseni akale. Zimenezi ndikuziyamikira. Ntchito zinaima, ndalama zinkalowa mwa apo ndi apo, ndipo kupita kumsika tsiku ndi tsiku kunasanduka kuika moyo pachiswe. Amene anadzala masamba ake anaganiza bwino. Chimene chinatipweteka n'chakuti munthu wokhala pakhomo tsiku lonse amasowa chochita ndi manja ake. Bambo akadzuka athirira. Dzuwa likafika paliwombo mayi aona masamba atazyolika pang'ono, athirira. Madzulo ana, amene sukulu zawo zinali zitatsekedwa, ankalimbirana kheni. Palibe amene wafunsa mnzake. Kale timinda ta pakhomo tinkapulumuka chifukwa eni ake ankakhala ali kuntchito.

Mizu imapuma. Izi ndakhala ndikuzinena zaka zambiri ndipo anthu amangogwedeza mutu ngati ndikuwauza nthano. Dothi labwino, pafupifupi theka lake ndi timipata, ndipo m'timipata timeneti madzi ndi mpweya zimagawana malo. Mukathirira, madzi amadzaza timipata tonse, kenako otsala amatsika pansi n'kusiyira mpweya malo. Mukathiriranso asanatsike, ndiye kuti mpweya mwautsekera kunja. Okosijeni, mpweya umene mizu imapuma, amayenda m'madzi pang'onopang'ono kwambiri, kuchepera pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi mmene amayendera mumpweya, choncho muzu umene wamira sungadikire kuti aufike. Pakangopita masiku ochepa nsonga za mizu, zimene zimamwa madzi, zimayamba kufa. Zulani mbande imodzi muone. Muzu wamoyo ndi woyera ndi wolimba. Womira umakhala wofiirira, woterera, ukaukoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi, ndipo dothi lake limanunkha ngati chithaphwi.

Apa ndi pamene pali msampha. Mbewu yopanda mizu singamwe, ndiye imafota, ngakhale yaima m'madzi. Mwini wake akaona kufotako amati ndi ludzu, n'kuthamangira kumpope. Akaona kuti sizikusintha amawonjezera. Ndaonapo munthu akuthira madzi m'chitini chimene madzi a dzulo anali asanaphwe, uku akudandaula kuti dzuwa la chaka chino ndi loopsa. Komanso dziwani kuti masamba aakulu, monga a kabichi ndi a nkhaka, amazyolika masana kukatentha ngakhale dothi lili ndi chinyezi chokwanira, madzulo n'kudzukanso okha. Kumeneko si kupempha madzi. Mbewu imene yafota m'mamawa, dzuwa lisanakwere, ndiyo muyifufuze, ndipo muyambe ndi kupisa chala m'dothi musanagwire kheni.

Timbande togona tija tili ndi wotipha wake. M'mabuku matendawa amawatcha damping-off, ndipo amene amawayambitsa kawirikawiri ndi tizilombo ta m'dothi tokhala ngati chuku, totchedwa Pythium, Rhizoctonia ndi Fusarium. Pythium ndiye bwenzi lenileni la wothirira mosadziletsa, chifukwa timbewu take timasambira. Tili ndi timichira, ndipo timayenda m'madzi a pakati pa dothi kufunafuna muzu wanthete. Dothi likakhala lonyowa usana ndi usiku mwatipangira msewu. Lero zagwa mbande zitatu pakona, mawa bwalo lakula, pofika Loweruka nazale yonse yapita. Ndiye amandiimbira: "Tigule mankhwala anji?" Mbande imene yagwa kale sidzukanso, kaya mupopere chiyani. Ndalama ya mankhwalayo isungeni, mudzagulire sopo.

Tsopano za zitini zosaboola. Sindikudziwa kuti ndinene kangati. Munthu atenga ndowa yakale, aipaka penti yokongola, athiramo dothi, adzala matimati, pansi osaboola ngakhale kamodzi, ati kuopa kudetsa khonde. Chikomekome cha mkuyu. Kunja kukongola, m'kati muli dziwe. Ndipo pali mwambo wina umene umanditopetsa kuposa yonse, wakuti pansi pa chitini muyale miyala kapena magobede kuti "madzi azitsika". Agogo athu ankatero, mabuku akale a zamaluwa ankatero, ndipo anthu amakangana nane mpaka kutuluka thukuta. Madzi sachoka msanga m'dothi losalala kulowa m'miyala ikuluikulu. Dothi limawagwira ngati siponji, ndipo limawataya pokhapokha litakhuta kotheratu. Choncho gawo lonyowa kwambiri, limene likanakhala pansi penipeni pa chitini, mwalikweza m'mwamba kufupi ndi mizu, ndipo malo a dothi mwawachepetsanso. Ngati pansi palibe bowo, miyalayo ndi yongokongoletsa dziwe lija. Yesani nokha: nyowetsani siponji, muiike pamwamba pa miyala, muone ngati miyalayo ingaikame madzi.

Tsiku lina nthawi ya mliri ija anandiimbira mlimi wina wachikulire amene ndagwira naye ntchito zaka zambiri, katswiri wa kabichi ndi anyezi, munthu amene ine ndimaphunzirako kwa iye. Moni sanamalize n'komwe.

"Alangizi, adzukulu andithera nazale."

"Pepani bambo, chachitika n'chiyani?"

"Makolo awo awatumiza kuno poti sukulu anatseka. Asanu. Ndinati ndiwapatse chochita, aliyense chitini chake, mbewu zake za matimati, tione amene adzayambe kudya. Ndinalakwa ine. Mpikisano wake unasanduka wa madzi. Uyu akathira kapu, winayo athira ziwiri. Ndawaletsa, akumadzuka usiku."

"Ndiye zatsala zingati, bambo?"

Anayamba kuseka mpaka kutsokomola, ine n'kuchita mantha poti masiku amenewo chifuwa sitinkachiona bwino. Akuti kamdzukulu kakang'ono, ka zaka zisanu, akuluakulu aja anakapatsa chitini chadzimbiri chothobokathoboka pansi chimene aliyense anachikana. Kanadzala, kanathirira masiku awiri, kenako kanaiwala n'kumakasewera ndi ana agalu. Chitini chimenecho ndi chokhacho chimene chili ndi mbande, zonenepa, tsinde ngati pensulo. Zitatero kheni anayamba kumagona nayo kuchipinda mkuluyo. Anatinso ndikalemba nkhaniyi ndisatchule dzina lake, anzake angamuseke kuti wagonja kwa ana.

Tiyeni tiwerengere zimene zikutayika, poti cholinga cha timindati chinali kupulumutsa ndalama. Masamba ambiri amafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, kuwonjezerako kukatentha kwambiri kapena dothi likakhala lamchenga. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ndiye kuti bedi la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi likufuna malita 25 pa sabata, makheni awiri ndi theka a malita 10. Banja lija la bambo, mayi ndi ana, aliyense kheni yake patsiku, likuthira malita 30 patsiku, 210 pa sabata. Kuposa kasanu ndi katatu. Ngati madzi anu ndi a mita, bilu ikubwera. Ngati ndi otunga, ndiye kuti wina m'nyumbamo akukaima pamzere ndi anthu ena maulendo owirikiza kuti akatunge madzi okaphera mbewu.

Madzi opitirirawo satsika okha. Amatenga nayitrojeni, amene sakakamira m'dothi ngati zakudya zina za mbewu, n'kupita naye pansi kumene mizu sifika. Masamba am'munsi ayamba chikasu, mwini wake ati njala, agula feteleza, athira, athiriranso katatu patsiku, feteleza uja n'kutsata mnzake. Timbale timene mumaika pansi pa zitini kuti khonde lisade, madzi akakhalamo sabata imodzi kapena masiku khumi, udzudzu wamaliza kuswana. Musawete udzudzu pakhomo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi nthawi. Matimati amakhala pa nazale sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, ndipo mukawokera mumadikiranso miyezi iwiri kapena itatu kuti muthyole loyamba. Nazale ikafa pa sabata yachitatu, sabata zitatuzo zapita, madzi akatayika saoleka. Ndipo ambiri munakhuthula paketi yonse tsiku limodzi, mothithikana ngati udzu, zimene zimathandizanso matenda aja kudumpha kuchoka pa mbande ina kupita pa ina. Nthawi ya mliri mbewu zinkasowa, ogula anachuluka, masitolo ena anali otseka. Mukanafesa pang'ono, zotsalazo mukanayambira pomwepo, poti mbewu ya matimati yosungidwa pouma ndi pozizira imatha zaka zinayi ikumerabe. Ya anyezi ndiyo sichedwa kufa, chaka chimodzi kapena ziwiri basi.

Panalinso chatsopano chimene mliri uja unabweretsa. Tinkasamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 kangapo patsiku, tinkakolopa ndi kupukuta zitseko ndi madzi a klorini, ndipo anthu osafuna kutaya kanthu ankathira madzi onsewo m'zitini za masamba. Mtima wake ndi wabwino. Koma madzi a klorini amawotcha mizu, ndipo sopo wochapira wa ufa amakhala ndi mchere wa sodiyamu umene umaunjikana m'chitini, poti mulibe kothawira, n'kuumitsa nsonga za masamba ndi kulimbitsa dothi. Madzi otsukira masamba, mpunga kapena zipatso, amenewo thirirani. Osambira m'manja apite pansi pa mtengo waukulu, mosinthasintha malo. A klorini asayandikire mbewu, ndiponso madzi alionse otsala m'bafa asakhudze masamba odya osaphika.

Ena mwa inu mukawerenga izi musiyiratu kuthirira sabata yathunthu, kenako mudzakhuthulire ndowa zitatu tsiku limodzi. Musatero, makamaka pa matimati amene ayamba kubereka. Kusinthasintha koteroko ndi kumene kumang'ambitsa zipatso, ndiponso kumadetsa kunsi kwa tomato chifukwa kashiamu safika bwino ku chipatso madzi akamabwera modukizadukiza. Mudzanditumiziranso zithunzi n'kumati ndi matenda.

Zochita zake n'zosavuta, ndipo zambiri mukuzidziwa. Tengani msomali, muuwotche, mubowole pansi pa chitini chilichonse mabowo asanu kapena kuposa, otha kulowa pensulo. Miyala ija chotsani, chitinicho muchikhazike pa njerwa ziwiri. Pakhomo pasankhidwe munthu mmodzi wothirira, ena onse manja kumbuyo, ana apatseni ntchito yozula udzu ndi kutola mbozi. Wothirirayo apise chala mpaka mfundo yachiwiri: chikatuluka ndi dothi lonyowa, abwerere akagone. Pakauma athirire m'mawa, patsinde, mokwanira mpaka madzi atulukire pansi, kenako akhuthule kambale. Nazale yokha ndiyo imafuna pamwamba posauma mbewu zisanamere, koma mowaza, ndipo zikangomera chepetsani. Zitini zing'onozing'ono padzuwa zimauma msanga kuposa bedi, mwina tsiku lililonse kukatentha, chala chomwecho chikuuzani. Phimbirani ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde. Dothi lamakande lisakanizeni ndi kompositi wowola bwino. Pamene mbande zagwa, zulani ndi dothi lozungulira mukataye kutali, osati pa mulu wa kompositi, chitinicho muchitsuke, chiume padzuwa, mufesenso m'dothi latsopano, motalikana, theka la zimene mukuganiza kuti mukufuna. Zopatulira ndi kuwokera sindinena, mukuzidziwa. Amene mukufunabe kunditumizira zithunzi, zulani mbande imodzi mujambule mizu, masamba okha sandiuza kanthu.