Momwe mungafufuzire zomwe madokotala analemba za khungu lopsa ndi dzuwa

Kuno ku Kasungu, Okutobala akafika dzuwa limaswa mtengo, ndipo tonse timada nalo kumunda. Koma khungu likayamba kuchita matuza, kusupuka kapena kuthetheka pakhosi ndi kuseri kwa manja, malo okhawo amene malaya safika, pamenepo pali china choposa dzuwa. Mlamu wanga zitamuchitikira, ndinakhala usiku wonse pafoni kufufuza. Njira yake nayi.

Yambani ndi kulemba papepala: zilonda zinayamba liti, zili pati, ndipo wodwalayo akumwa mankhwala anji. Mayina muwakopere pa paketi kapena m'buku lake la kuchipatala, chilembo ndi chilembo. Izi musazipeputse, chifukwa doxycycline, ciprofloxacin, griseofulvin ndi hydrochlorothiazide wa BP uja amatha kuchititsa khungu kupsa msanga padzuwa.

Kenako tsegulani PubMed, nkhokwe yaulere ya pa intaneti yosunga nkhani za kafukufuku wa zaumoyo, ya National Library of Medicine ya ku America. Imamva Chingerezi chokha. Lembani "photosensitivity", kutanthauza kupsa msanga kwa khungu padzuwa, n'kuwonjezera dzina la mankhwala, pakati muike AND. Zikatuluka zambiri, sankhani "Free full text" (nkhani zowerenga zonse mwaulere) ndi "Review", chifukwa nkhani za "Review" zimasonkhanitsa kafukufuku wa anthu ambiri, pomwe "case report" imakamba za wodwala mmodzi kapena awiri basi.

Ine ndingakupempheni kuti mulembenso "pellagra Malawi". Matendawa amabwera thupi likasowa vitamini B3, ndipo amakonda anthu odalira nsima ya chimanga popanda ndiwo zokwanira monga mtedza, nyemba, nsomba kapena nyama. Khungu limada n'kukhakhala mozungulira khosi ngati mkanda, munthu amatsegula m'mimba, ena mutu umasokonezeka. Anagwira anthu ambiri othawa nkhondo ku Mozambique amene anali m'dziko muno mu 1989 ndi 1990, ndipo anabukanso ku Kasese m'boma la Dowa, pafupi nafe pompa. Mankhwala a isoniazid, oteteza ku TB, nawonso amatha kuwayambitsa. Magazini ya kafukufuku wa zaumoyo ya Malawi Medical Journal imawerengedwa ulere, muyang'anemonso.

Zithunzi zambiri mudzaona ndi za azungu, khungu lofiira. Pa ife limaoneka lakuda kwambiri kapena lotuwa, choncho musadalire maso okha.

Zomwe mwapezazo pitani nazo kwa dokotala pamodzi ndi mapaketi aja. Mankhwala a TB, ma ARV kapena a BP musasiye panokha. Koma ngati zilonda zafika m'kamwa kapena m'maso, thupi likutentha, khungu likusendeka, siyani foni, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.