Mmene ndinachotsera 18 pamndandanda wanga

Ndinkalemba pulogalamu ya Python yopeza nambala yochepetsetsa pa prime signature iliyonse (ndiko kuti kangati prime iliyonse yabwerezedwa pochulukitsa kuti nambala ipangike; prime ndi nambala yoposa 1 yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi), mndandanda womwe ku OEIS, malo a pa intaneti osunga mindandanda ya manambala, amautcha A025487: 1, 2, 4, 6, 8, 12, 16, 24, 30. Koma kwa ine pakati pa 16 ndi 24 pankatulukira 18. Zinandisowetsa tulo.

Nditatenga pensulo n'kuwerengera papepala, vuto linaonekera. 12 ndi 2×2×3, ma exponent ake 2 ndi 1, chifukwa 2 alipo kawiri ndipo 3 kamodzi. 18 ndi 2×3×3, ake 1 ndi 2. Pulogalamu inkaziona ngati zosiyana, chonsecho signature siyang'ana kuti exponent yakhala pa prime iti, choncho 12 ndi 18 ali ndi signature imodzi ndipo wochepa, 12, ndiye woyenera kukhala pamndandanda. Ndinangouza pulogalamuyo kuti izisanja ma exponent kuyambira wamkulu isanawayerekeze. 18 anachoka, 54 ndi 90 nawonso anatsatira.