Kupita koyamba kumkumano wa amayi oyendetsa njinga zamoto

Mwafunsa kuti muyambire pati, mayi. Tsiku labwino kuyambira ndi International Female Ride Day, tsiku la amayi oyendetsa njinga zamoto padziko lonse, Loweruka loyamba la Meyi, lomwe Vicki Gray wa ku Canada adaliyambitsa mu 2007. Magulu ambiri amatuluka limodzi tsikuli ndipo amalandira alendo.

Choyamba, lemberani okonza ulendowo. Funsani kutalika kwa ulendo, mtundu wa msewu, ndi ngati njinga yaing'ono monga ya 125cc ingakwanitse. Auzeni poyera kuti ndinu watsopano.

Usiku woti mawa ndi ulendo, onani mpweya wa m'matayala, mabuleki, tcheni, oyilo ndi nyali. Laisensi ndi inshuwalansi zikhale m'thumba. Valani helemeti yokwana bwino, magolovesi, jekete ndi nsapato zophimba akakolo.

Fikani msanga thanki itadzaza kale, chifukwa kudikiritsa gulu pamalo omwetsera mafuta kumakhumudwitsa. Musaphonye malangizo a mtsogoleri: apa ndi pomwe amafotokoza zizindikiro za manja ndi malo opumira.

Pamsewu ndipamene ndikufuna mutchere khutu. Gulu limayenda mosinthanitsa, wina chakumanja kwa leni (gawo la msewu lomwe mukuyendamo), wotsatira chakumanzere, osati phewa ndi phewa. Siyani masekondi 2 pakati pa inu ndi amene ali patsogolo panu mumzere wanu. Pokhota kapena pamsewu woipa, lowani mumzere umodzi. Mukatsalira, musathamangire anzanu. Kumbuyo kumakhala mayi wodziwa bwino amene ntchito yake ndi kudikira otsala, ndipo mukayima iye amayima nanu.