Mmene ndinathetsera vuto la mathero a aneni a Chisipanishi

Vuto langa linali lakuti ndikafuna kuyankhula Chisipanishi, mneni ankatuluka wosasinthidwa, monga yo hablar ("ine kuyankhula") m'malo mwa hablo ("ndimayankhula"). Gwero lake linali Chingerezi chimene ndinkaphunzirira, chifukwa m'chinenerocho mneni wa nthawi yatsopano sasintha kwenikweni, ndipo mlowam'malo ndi amene amasonyeza wochita. Kuloweza matebulo a mathero a aneni kunandithandiza polemba pokha, ndipo pulogalamu ina ya pafoni inangondizoloweza kulota mayankho.

Ndinayamba ndi mneni mmodzi, hablar. Ndinachotsa -ar kuti patsale tsinde habl-, kenako ndinalumikiza mathero asanu ndi limodzi a nthawi yatsopano: hablo, hablas, habla, hablamos, habláis, hablan. Chimene chinathetsadi vutoli n'kusiyiratu alowam'malo. Ndinalemba mneni yekha pakakhadi, ndipo ndikakatola ndinkatchula mokweza amene akuchita ntchitoyo ndisanayang'ane kuseri. Apa Chichewa chinandithandiza kuposa Chingerezi, pakuti ife timasonyeza wochita kumayambiriro kwa mneni, monga ndi- mu "ndimayankhula", pamene Chisipanishi chimamusonyeza kumathero. Pa chifukwa chimenechi eni ake nthawi zambiri satchula yo.

Nditazolowera ndinapita kwa comer (kudya) ndi vivir (kukhala ndi moyo), amene mathero awo a nthawi yatsopano amasiyana pawiri pokha: comemos ndi vivimos, coméis ndi vivís. Amene akuphunzira Chisipanishi cha ku Mexico angathe kuchedwetsa habláis ("inu nonse mumayankhula"), popeza kumeneko amanena ustedes hablan. Potsimikiza mathero ndinkagwiritsa ntchito dikishonale ya bungwe losamalira Chisipanishi la ku Spain lotchedwa Real Academia Española, imene ndi yaulere pa intaneti, ndipo makhadiwo ndinadula pa katoni yakale.