Kulondola mbiri ya gulu la asilikali a mizinga kuchokera pa baji ndi mendulo

M'nyumba zambiri za a kwathu ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare muli kachitini kamene agogo anasiya, momwe muli baji yamkuwa, mendulo ziwiri zitatu ndi pepala lothetheka m'mopinda. Ana amangodziwa kuti agogo anali wa mizinga. Kuti mupeze gulu lawo lenileni, gwirani mfundo iyi: dzina ndi nambala ya rejimenti zimasintha, makamaka m'magulu a Territorial, aja a anthu ogwira ntchito zawo masiku onse n'kumakaphunzira zausilikali kumapeto kwa sabata. Londolani chaka ndi batire, kagulu ka mizinga ingapo ka m'kati mwa rejimenti.

Yambani ndi baji. Ya mizinga ya chi Britain ili ndi mzinga wa mawilo, mawu akuti Ubique pamwamba pake, ndi chisoti chachifumu. Chisoti chozungulira pamwamba ndi cha nthawi ya mafumu aamuna, 1953 isanakwane. Chobonyoka pakati ndi cha nthawi ya Elizabeth II. Musaikweche ndi phulusa kapena mchenga, mungafute timizere tomwe mukufuna kuwerengato. Madzi a sopo ndi mswachi wofewa n'zokwanira.

Mendulo zimanyenga ambiri. Africa Star, Burma Star ndi War Medal za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 boma la Britain linkapereka zopanda dzina, ndipo ziwiri zoyambazo zimangokuuzani dera lomwe munthu anamenyako. Yothandiza kwambiri ndi Efficiency Medal, yomwe inayamba mu 1930 ndipo inkaperekedwa kwa asilikali a Territorial atatumikira zaka 12. Iyoyo ili ndi nambala, udindo ndi dzina m'mphepete mwake, ndipo pakachitsulo kapamwamba pamalembedwa dziko, monga Southern Rhodesia. Mukaona Gnr kapena Bdr, ndiye kuti gunner kapena bombardier, maudindo a ku mizinga okhaokha. Mukaona Pte, mwina agogowo anali a Keyala (King's African Rifles), asilikali oyenda pansi, ndipo mafayilo awo ndi ena.

Kenako tengani pepala lalikulu, mulembe mzere wa zaka, chaka chilichonse ndi dzina lomwe gululo linkadziwika nalo. Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Ku Britain, Territorial Force inakhazikitsidwa mu 1908, n'kukhala Territorial Army mu 1921. Mu 1947 magulu a mizinga anapatsidwa manambala atsopano, mu 1955 ambiri owombera ndege anaphatikizidwa, ndipo mu 1967 marejimenti ena athunthu anatsitsidwa n'kukhala batire imodzi yokha. Kuno kwathu zaka zosamala ndi 1953 pomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, 1963 pomwe chinatha ndipo asilikali ake anagawidwa m'maiko atatu, ndi 1980 pomwe Zimbabwe inalandira ufulu. Pa kusintha kulikonse lembani chomwe chinachitika: kusinthidwa dzina, kuphatikizidwa ndi gulu lina, kuimitsidwa kwa kanthawi, kapena kuthetsedweratu. Izi n'zosiyana. Gulu lothetsedwa mzere wake umathera pomwepo, ngakhale nambala yake itadzapatsidwa kwa ena patsogolo. Amene amalumikiza magulu awiri chifukwa chongofanana nambala amapatsa agogo awo nkhondo yomwe sanaione n'komwe.

Batire ndiye chingwe chosaduka msanga, chifukwa inkasamutsidwa yathunthu kuchoka ku rejimenti ina kupita ku ina. Kuyambira 1941 rejimenti ya mizinga ya kumunda wankhondo (Field Regiment) inkakhala ndi mabatire 3, iliyonse mizinga 8, yonse pamodzi 24. Mzinga wodziwika unali 25-pounder, wa kukamwa kwa mamilimita 87.6, chipolopolo chake cholemera makilogalamu 11 ndi pang'ono, woyendetsedwa ndi anthu 6. Mzinga womwewu unkagwirabe ntchito ku 1 Field Regiment ya Rhodesian Artillery m'zaka za m'ma 1970, ndiye chithunzi cha mzinga pachokha sichingakuuzeni chaka. Musatayenso nthawi kufunafuna mbendera yolembedwa maina a nkhondo monga zilili kwa oyenda pansi. A mizinga a mwambo wa Britain alibe. Ulemu wawo ndi mizinga yomweyo, ndipo Ubique amatanthauza kuti ponseponse.

Mukatero pitani ku National Archives of Zimbabwe pa Borrowdale Road, mutanyamula chitupa ndi pensulo. Funsani magazeti a boma ndi nyuzipepala za zaka zomwe mwalemba zija, ndipo pofufuza lembani Salisbury, chifukwa dzina la Harare linabwera mu 1982. Ngati agogo analembedwa usilikali kumudzi asanabwere kuno, mafayilo a boma lawo akafunsidwe ku National Archives ya Malawi ku Zomba. Yesani kalembedwe kangapo ka dzina. Makalaliki ankalemba momwe amvera, l ndi r n'kumasinthana, ndipo kawirikawiri ankatenga dzina la bambo m'malo mwa mfunda. Nambala ya usilikali ndiyo imathetsa mkangano.

Mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu ankhondo ali ku National Archives ya Britain ku Kew, ku London, pa manambala awa: WO 169 ya Middle East ndi WO 172 ya nkhondo ya ku Burma. Mndandanda wake uli pa intaneti. Dziwani kuti mabukuwa satchula kawirikawiri asilikali wamba. Amakuuzani komwe batire inali tsiku lakutilakuti ndi zipolopolo zomwe inawombera.

Ngati munthuyo sanabwerere ndipo pepala likutchula 301 Field Regiment ya East African Artillery, yang'anani tsiku la 12 February 1944. Sitima ya Khedive Ismail yomwe inanyamula gululi inamizidwa ndi sitima yapansi pa madzi ya Japan pafupi ndi Maldives, ndipo anthu 1,297 anafa. Manda awo kulibe. Maina a asilikaliwo muwafufuze pa mndandanda wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a ankhondo, pansi pa chikumbutso cha East Africa Memorial cha ku Nairobi.