Ndodo zoyambira nazo gofu, musagule zonse

Ngati mukuyamba kumene gofu musathamangire kugula seti yonse ayi, malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama koma kwa woyamba 7 zakwana. Pezani putter (yokankhira mpira m'dzenje), sand wedge (yotulutsira mpira mumchenga), pitching wedge (yoponyera mpira m'mwamba mukayandikira dzenje), ma iron (ndodo za mutu wachitsulo zokhala ndi manambala) awiri ngati 7 ndi 9, driver (yomenyera mpira kutali poyamba), ndiye hybrid (ya mutu wonenepako, yosavuta kumenyera) m'malo mwa 3 kapena 4 iron chifukwa zimenezo kudzutsa nazo mpira ndi ntchito.

Ma iron sankhani a cavity back, aja okumbika kuseri kwa mutu, olo mpira muumenyere cham'mbali umapitabe ndithu. Driver ikhale ya madigiri 10.5 kapena 12 (kupendekeka kwa mbali yomenyera mpira). Zakale zilibe vuto bola shaft (thunthu la ndodo) isakhale yopindika, grip (pogwirira) ikamaterera kasinthitseni basi. Musanalipire igwireni kaye muyese kumenya, ndipo ngati ndinu amanzere neneranitu.