Momwe mungayendere panjinga m'munsi mwa phiri la Mulanje mpaka ku nyanja ya Chilwa

Kuno ku Mulanje njinga imanyamula chilichonse: matumba a chimanga, zinanazi, makala, odwala ndi ana asukulu. Chimene sitinachizolowere ndi kupalasa popanda katundu, n'cholinga chongoona dera lathu. Alendo amachokera kutali kudzachita zimenezi, ife eni ake tikungodutsa. Ndikufuna nanunso muyese, ndipo langizo langa lalikulu ndi lakuti phirili muliyende m'munsi, molizungulira. Njira zokwera pamwamba, monga zopita ku Chambe kapena ku Lichenya, ndi za miyendo. Zili ndi miyala ndi zitunda zoti njinga mungaisenze paphewa ulendo wonse. Zokoma za wapanjinga zili pansi, m'minda ya tiyi, m'mphepete mwa nkhalango ndi kuchigwa cha Phalombe.

Yambani ndi kusankha nyengo

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kamvula kowaza kodza ndi nkhungu ndi chisanu, choncho tengani jekete yopepuka ngakhale kutacha bwino. Okutobala amatentha kwambiri. Ngati mukuyenda mwezi umenewo, dzuwa likamafika pamutu mukhale mutafika kale kumene mukupita.

Nyengo ya mvula ndiyo musaiseweretse. Dothi lofiira la m'minda ya tiyi limaterera likanyowa, ndipo makande a kuchigwa amamatirira matayala mpaka njinga kukana kuyenda. Choopsa kwambiri ndi mitsinje. Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo zimachokera pamwamba pa phiri, ndipo zimatha kudzaza mwadzidzidzi pamene pansi pano sipanagwe ngakhale dontho. Anthu a ku Phalombe sanaiwale napolo wa mu 1991, ndipo tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Madzi akakhala ofiira ndipo akuthamanga, musawoloke. Dikirani kapena bwererani.

Ionetseni njinga kwa wokonza

Simukufunika njinga yodula. Yamagiya, yamatayala okhuthala, ngakhale yogula pa kaunjika, ikwanira bola ikhale yabwinobwino. Pitani nayo kwa wokonza njinga pa Chitakale kapena pamsika wa kwanuko tsiku limodzi ulendo usanachitike. Aone mabuleki onse awiri, amange masipoko olefuka, athire oyilo patcheni, ayese magiya onse ngati akulowa. Mabuleki ndiwo ndikuwanenetsa. Mabala ambiri a apanjinga amachitika potsetsereka, osati pokwera.

Chishalo chikhale pamlingo woti mukaponda pedulo ndi chidendene, pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Chikatsika kwambiri, mawondo ayamba kupweteka musanafike patali. Matayala musawapope mpaka kuuma gwa, chifukwa pamsewu wamiyala njinga imangodumphadumpha.

M'kachikwama ikani chubu chapadera, zigamba ndi sulushoni, pampu, sipanala ndi foni yodzaza moto. Chipewa choteteza mutu valani, anthu akuyang'aneni bwanji. Madzi akumwa tengani osachepera malita awiri, ndi paketi ya Thanzi ngati kukutentha. Kamba wapanjira asakudetseni nkhawa: nthochi, chinangwa, mtedza ndi zitumbuwa mupeza m'misika ya m'njira, ingotengani ndalama zing'onozing'ono.

Ulendo woyamba: Chitakale mpaka Likhubula

Uwu ndi wa aliyense. Kuchokera pa Chitakale tengani msewu wa Phalombe, makilomita pafupifupi 10, phiri lili kudzanja lanu lamanja. Kutsogolo mudzaona thanthwe la Chambe litaima njo. Yendani kumanzere kwa msewu, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, chifukwa maminibasi ndi njinga zamoto sizipatsa mpata.

Mukafika pa Likhubula khoterani ku ofesi ya zankhalango. Apa ndi polowera m'nkhalango yotetezedwa, imene inakhazikitsidwa mu 1927, ndipo pali kandalama kolipira. Siyani njinga pamalo otetezeka, mutenge wolondolera alendo wa pompo, muyende wapansi kupita ku Dziwe la Nkhalamba. Olondolerawa ndi anyamata a m'midzi yomweyi, ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo ndalama imene mungawapatse imakalowa m'nyumba za kuno. Madzi a padziwepo ndi ozizira kwambiri komanso akuya, ndipo anthu anamirapo. Ngati kusambira simukudziwa bwino, khalani pamwala muviike mapazi.

Ulendo wachiwiri: m'minda ya tiyi

Kwa ine apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje kuno cha m'ma 1890, ndipo lero minda yake yayala m'munsi mwa phiri mbali yonse ya kummwera. Tsatani msewu wa M2 wolowera ku Muloza, kumalire ndi Mozambique, kenako mukhotere kumanzere m'misewu yafumbi yolowera kuphiri, monga wopita ku Lujeri. Misewu yake imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono pakati pa tiyi wobiriwira, nthawi zina n'kulowa m'mitengo ya bulugamu kapena m'kankhalango kotsata mtsinje, ndipo mukatulukira, phiri lili pamaso panu, mathithi akutsika m'matanthwe.

Koma mindayi ili ndi eni. Misewu ina ndi yodutsa aliyense, ina ndi ya esiteti. Mukapeza geti, tsikani, mupereke moni kwa alonda, munene kumene mukupita. "Mwadzuka bwanji bambo, timapempha kudutsa, tikungoyenda panjinga" amatsegula njira zambiri. Akakana, musakangane nawo, funsani njira ina.

Kumbukiraninso kuti inu mukusangalala pamalo pamene ena akugwira ntchito. M'mamawa njirazi zimadzaza ndi othyola tiyi atabereka madengu, amayi osenza nkhuni, ana opita kusukulu ndi mathirakitala onyamula masamba. Mayi amene wasenza mtolo wautali wa nkhuni sangatembenuke msanga. Akatembenuka, mtolowo ukukomanani nawo. Chepetsani liwiro mukadali patali, imbani belu kamodzi, nenani "zikomo mayi", mudutse mbali imene akupatsani. Musajambule munthu musanamupemphe. Ndipo musalowetse njinga m'mizere ya tiyi kapena m'munda wa munthu pofuna kudula njira.

Pokwera chitunda, sinthani giya musanayambe kulemedwa. Mukasintha mutaponda mwamphamvu, tcheni chimadumpha kapena kuduka. Potsetsereka, bwezani thupi kumbuyo kwa chishalo, mapedulo akhale molingana, mugwire mabuleki onse awiri pang'onopang'ono. Mukafinya yakutsogolo yokha mwadzidzidzi, mugwa chamutu.

Amene muli ku Thyolo simukusowa kubwera kuno kuti mulawe zimenezi. Esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, imalandira alendo, ndipo zitunda za kumeneko zimafuna mwendo wolimba kuposa za ku Mulanje.

Mukalimba: Fort Lister ndi Chilwa

Mukazolowera maulendo awiriwa, pitirirani Likhubula mpaka ku Phalombe. Kuchokera paboma pali msewu wafumbi wokwera pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Pampatapo ndi pamene Angerezi anamanga linga la Fort Lister mu 1893, pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu popita kunyanja yamchere. Mabwinja ake alipobe. Imani pamenepo, osangodutsa. Anthu amene anayenda njira imeneyi atamangidwa anali makolo a anthu a dziko lino. Chitunda chake n'chachitali, ndipo kutsika n'kukankha njinga si manyazi. Mukadutsa mpatawo njira imatsikira mbali ya Nkhulambe n'kukafika ku Muloza, koma dera limeneli linawonongeka kwambiri ndi Freddy, choncho musanatsike funsani za milatho. Ofunsa abwino ndi akabaza: amadziwa pamene pagumuka, pamene pali mchenga ndi pamene mungawoloke. Kuzungulira phiri lonse musakuyese tsiku limodzi ngati mukungoyamba kumene. Gonani ku Phalombe.

Wofuna madzi alowere kumpoto, kudutsa Migowi, kutsata misewu yafumbi ya kuchigwa mpaka ku nyanja ya Chilwa. Kuno kulibe zitunda, adani anu ndi mchenga, mphepo, minga ndi dzuwa, popeza mithunzi ndi yochepa. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya, motero gombe lake limasuntha chaka ndi chaka. Inaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. N'chifukwa chake muyenera kufunsa asodzi kapena ogulitsa matemba kuti doko limene likugwira ntchito panopa ndi liti, apo ayi mudzathera m'mabango madzi osawaona. Mbalame za m'madzi ndi zambiri, makamaka m'mamawa. M'madzimo musasambe kapena kuyendamo chifukwa cha likodzo, ndipo akumwa mukhale mutatunga pamjigo musanafike.

Ulendo uliwonse mwa amenewa nyamukani kukangocha, muyende awiri kapena atatu, ndipo wina kunyumba adziwe njira imene mwatenga. Muziwerengera kuti pofika 4 koloko madzulo mukhale mutabwerera pamsewu waukulu, chifukwa m'miyezi yozizira mdima umagwa msanga ndipo misewu ya kumudzi ilibe magetsi. Mukafika kunyumba tsukani tcheni, muchiumitse, muthirenso oyilo, popeza fumbi lofiira likasakanikirana ndi oyilo wakale limadya tcheni ndi magiya.